Mutu 7: Loko wa a Kapitawo

1. Tsidya lino la mlatho

Mlatho wa pa mtsinje waukulu udagwa m'chaka chimene Kawaya adali mu fomu yachiwiri. Madzi adakokolola mizati iwiri yapakati, nasiya mbali ziwiri za mlathowo zikuyang'anizana ngati abale okana kulankhulana. Chipatala chidatsalira tsidya lija, pamodzi ndi masitolo aakulu ndi mashopu a amisiri.

Patangotha milungu isanu, mayi ake a Kawaya adadwala mwadzidzidzi, ali oyembekezera, masiku atakwana. Ambulansi idabwera ndithu, koma idaima tsidya lija, nyali zake zikuphethira dzuwa lili pamutu. Wa bwato adakana kuwolotsa munthu, pakuti madzi adali olusa. Njira yozungulira kumapiri imadya maola anayi. Mayiwo adapirira maola atatu okha.

Tsopano padali patapita zaka zinayi. Mtsikanayo adali kuphunzira ntchito pa malo opangira magetsi ndi mphamvu ya madzi, kumtunda kwa mtsinje womwewo. Dzina lakuti Kawaya adamupatsa ndi amisiri a pamalopo, ati chifukwa adali wowonda koma wosathyoka.

Pamalopo padali makina awiri. Oyamba ankagwira ntchito. Achiwiri adagona zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chifukwa cha tulo tawoto boma linkagula dizilo kunja kwa dziko kuti majenereta aziunikira chigawo chonse. Koma kudabwera lamulo latsopano: chigawo chimene chidzadzipangira magetsi okwanira n'kuzimitsa majenereta, ndalama za dizilo zidzapita kokonzera misewu ndi milatho yake. Alendo ochokera ku likulu ankayembekezeka Lachisanu kudzaona ndi maso awo ngati makina achiwiri adzukadi. Akadzakhutira, mlatho udzalowa mu ntchito za chaka chomwecho.

Lachinayi m'mawa, Kawaya adapeza bambo ake, mmisiri wa matabwa, akunola pulena pakhonde.

"Ndiye ndi mawa, eti?" adafunsa bambowo osadzutsa mutu.

"Ndi mawa, ababa."

"Amayi ako ankati udzakhala namwino. Taonani lero, namwino wa zitsulo."

"Odwala anga ine sathawa jakisoni," adayankha Kawaya akumanga zingwe za nsapato.

Bambowo adaseka pang'ono, kenaka adaika pulena pansi. "Mlathowo ukadzatha, ine sindidzakwera kanthu. Ndidzawoloka wapansi, pang'onopang'ono. Ndikufuna ndidzawerenge kuti ndi mapazi angati amene anatisowa tsiku lija."

Kawaya adanyamula chipewa chake cholimba nauyamba ulendo.

2. Mawu a tsiku loyamba

Wotsogolera amisiri pamalopo adali mkulu wina wa imvi, amene aliyense ankangomutchula kuti a Kapitawo. Adagwira ntchito pa makina zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo kudatsala miyezi itatu kuti apume. Ku dzanja lawo lamanzere kudali zala zitatu zokha.

Tsiku limene Kawaya adayamba ntchito, a Kapitawo sadamuonetse makina. Adapita naye pa gudumu lalikulu lachitsulo limene limatsegula chitseko cha madzi olowa m'makina. Pa gudumupo padali unyolo, ndipo pa unyolopo padalendewera maloko anayi, aliyense ndi kachikwangwani kake. Adamupatsa loko wakewake ndi kiyi mmodzi, nati:

"Mwana wanga, mvetsera, chifukwa izi sindinena kawiri. Munthu aliyense wokhudza makina awa amayamba waika loko wake pano. Kiyi amakhala m'thumba mwake, sakhala pa msomali, sakhala mu ofesi, sabwerekedwa. Madzi satsegulidwa mpaka loko womaliza atachoka, ndipo womuchotsa ndi mwini wake yekha. Ngakhale atabwera bwana wa mabwana, ngakhale atabwera bambo ako okubala, loko wa mnzako sukhudza.

"Ukaona loko, usamati waona chitsulo. Waona munthu akulankhula iye kulibe. Akuti, ndidikireni, pali chimene ndikudziwa ine chimene inu simukudziwa. Mwina ali m'kati mwa paipi. Mwina wamasula kanthu sanabwezere. Iwe sungadziwe, ndipo si ntchito yako kulota. Ntchito yako n'kudikira.

"Zala ziwiri izi sizinadyedwe ndi ng'ona. Anandidula ndi mnzanga wapamtima, munthu wabwino, wopemphera, amene anangofuna kuthandiza kuti tiweruke msanga. Anandiyang'ana, sanandione, n'kuyatsa makina. Ine ndinamukhululukira tsiku lomwelo. Iye sanadzikhululukire mpaka m'manda. Ngozi za pa ntchito, mwana wanga, kawirikawiri sabweretsa ndi anthu oipa. Amabweretsa ndi anthu abwino amene ali ndi chifukwa chabwino chofulumirira."

Kawaya adavomera ndi mutu. Tsiku limenelo mawuwo adaoneka opepuka kuwasunga.

3. Alendo adumpha tsiku

Atafika pa ntchito Lachinayi lija, adapeza pamalo pali yakaliyakali. A Injiniya, mkulu wa malowo, bambo wachinyamata wovala malaya oyera, adali kuyendayenda pabwalo foni ili kukhutu. Atamaliza adaomba m'manja.

"Tamverani nonse! Alendo asintha ulendo. Akubwera lero masana, osati mawa. Mawa akupita ku chigawo china. Akatipeza tisanakonzeke, sabweranso mpaka chaka chamawa. Aliyense amalize zake, achotse loko wake!"

Amisiri adabalalika. Pofika ola la khumi ndi limodzi, pansi padali posesedwa, zitsulo zidapukutidwa, ndipo maloko adachoka mmodzimmodzi. Kawaya adachotsa wake. Pa unyolo padatsala loko mmodzi wamkuwa, wakale, wosalala ndi manja. Pa kachikwangwani kake padalembedwa kuti: "Musatsegule. Ntchito sinathe."

"A Kapitawo ali kuti?" adafunsa a Injiniya.

Mlonda wa pageti adayandikira atavula chipewa. "Bwana, anatuluka m'mamawa pa njinga. Anati akuwoloka tsidya, abwera masana."

"Kukatani tsidya?"

"Sananene, bwana. Ine nkhalamba ija sindiifunsa mafunso. Ukaifunsa nthawi, imakuuza mbiri ya wotchi."

Amisiri ena adaseka, koma a Injiniya sadaseke. Adaimba foni kasanu, osalowa. Adatuma mmisiri wina pa njinga yamoto kudooko. Mmisiriyo adabwerako ndi uthenga wakuti kumapiri kwagwa mvula, mtsinje wadzaza, ndipo bwato lamangidwa tsidya lija kudikira kuti madzi aphwe.

A Injiniya adayang'ana wotchi, adayang'ana loko, kenaka adayang'ana Kawaya, pakuti ndiye ankasunga kiyi wa chipinda cha zipangizo.

"Iwe, tabwera kuno."

Adapita naye kuseri kwa makina, kumene phokoso la makina oyamba linkaphimba mawu.

"Dzulo madzulo tinayesa zonse, si choncho? Unalipo."

"Ndinalipo, bwana."

"Panali chovuta?"

"Sindinaone chovuta. Koma a Kapitawo anatsalira titaweruka."

"Amatsalira tsiku lililonse, kusisita makina ngati ng'ombe yawo. Nkhalamba yaiwala loko, basi. Tenga tochi, ulowe paliponse, uone ngati muli munthu."

Kawaya adatenga tochi. Adatsika makwerero, adasuzumira m'paipi, adazungulira pansi pa makina, adaitana katatu. Mudalibe munthu. Mudalibe ngakhale sipanala yoiwalika. Zivundikiro zonse zidali zomangidwa bwino.

"Mulibe munthu, bwana."

"Waona? Loko amateteza munthu. Munthu mulibe. Ndiye akuteteza chiyani, mphepo? Katenge sowo."

4. Sowo

Kawaya adaima chilili.

"Bwana, loko wa munthu sachotsa wina."

"Ukundiphunzitsa ine lamulo? Ndinaliwerenga iwe ukuyamwa chala." A Injiniya adapuma mozama, natsitsa mawu. "Tamvera, mlongo wanga. Ine kwathu si kuno. Mlatho umenewu ukhalepo, usakhalepo, ine malipiro anga sasintha. Koma iwe? Ndinamva za amayi ako. Panopa tsidya lino kuli amayi angati oyembekezera? Mvula ya chaka chamawa idzatenga angati? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ukufuna udzawauze chiyani ana awo, kuti tinkadikira kiyi?"

"Bwanji osadula nokha, bwana?"

"Ine ndikukalandira alendo kumsewu, ndipo kiyi wa zipangizo ali ndi iwe. Sindikukukakamiza. Ndikabwera ndipeze gudumu lili lomasuka, kapena ndipeze lili lomangidwa. Zili ndi iwe."

Adatuluka, nauza amisiri onse kuti akaime pageti mwadongosolo. M'chipinda chachikulucho mudatsala Kawaya yekha.

Adaima pa gudumu nthawi yaitali. Adagwira loko uja, nawerenganso kachikwangwani. Adapita pawindo kuyang'ana njira yochokera kudooko. Mudalibe njinga, mudalibe munthu. Kutali, pa msewu wotsika kumapiri, kudaoneka fumbi la galimoto ziwiri.

Adatsegula chipinda cha zipangizo natenga sowo yodulira zitsulo.

Loko wakale salola msanga. Sowo idaterereka kawiri isanagwire. Kawaya adacheka, thukuta likugwera pa unyolo, mpaka chitsulo chidalira kuti thwa. Loko adagwa pansi. Adamutola namuika pa shelefu kuseri kwa zitini za girisi, nakulunga unyolo bwinobwino monga amachitira masiku onse.

5. Makina adzuka

Alendo adali asanu. Wowatsogolera adali mayi wamkulu wa magalasi, wolankhula modekha, amene adapatsa moni aliyense pamanja kuyambira mlonda. Ataona Kawaya mu ovolosi, adamwetulira.

"Mtsikana mmodzi pakati pa abambo onsewa? Sakukuvutitsa?"

"Amayesa, mayi, koma amatopa okha."

"Ndiye madziwo utsegule ndi iweyo," adatero mayiwo akuseka.

Kawaya adagwira gudumu ndi manja awiri nalizunguza. Pansi padayamba kunjenjemera. Madzi adalowa ndi mkokomo, ndipo shafiti, mtanda waukulu wachitsulo umene umazungulira pakati pa makina, idayamba kutembenuka, poyamba mwaulesi, kenaka mwaliwiro mpaka maso sakadathanso kuitsata. Mivi ya pa mawotchi idakwera. Amisiri adakuwa ndi chimwemwe. Mmodzi wa iwo, amene adaona makinawo akuzima zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, adapukuta maso ndi chipewa.

Mayi wamkulu uja adakweza dzanja, nalankhula mokweza kuti apose phokoso:

"Ana anga, dziko limene limagula moto kwa eni ake lili ngati banja lopala moto kwa aneba tsiku ndi tsiku. Tsiku limene anebawo atseka chitseko, banjalo ligona ndi njala. Zaka zonsezi thukuta lathu lakhala likutuluka m'dziko m'migolo ya dizilo, n'kusanduka utsi, uku misewu ikukumbika, milatho ikugwa, odwala akufera m'njira. Madzi awa ndi athu. Sitiwagula kwa munthu. Mukawasamala makinawa, majenereta azima, ndipo zimene zinkapsa ngati utsi zisanduka simenti ndi zitsulo. Koma ndikuchenjezeni. Kudzidalira si tsiku limodzi la kuomba m'manja. Ndi ntchito yotopetsa ya tsiku ndi tsiku, yochitika mwadongosolo pamene palibe mlendo wokuonani. Makinawa ayende masiku makumi atatu osaima, ndipo ine ndidzasaina za mlatho wanu ndi dzanja langali."

Alendo sadakhalitse, pakuti ulendo wawo udali wautali. Galimoto zawo zitatuluka pageti, a Injiniya adamugwira Kawaya paphewa.

"Waona? Dziko limayenda ndi olimba mtima."

6. Kanthu ka m'mpango

Padatha mphindi zosakwana makumi awiri. Woyamba kumva fungo adali mmisiri wa mawaya. Lidali fungo la chitsulo chopsa. Kenaka kulira kwa makina kudasintha, kudakhala ngati kukukuta kwa mano. Utsi wabuluu udatuluka pa chivundikiro cha mabelingi, zitsulo zimene shafiti imagonapo pozungulira.

"Tsekani madzi! Tsekani madzi!"

Amuna atatu adalimbana ndi gudumu, koma madzi ochuluka chotero satsekeka ngati mpopi wa kubafa. Chitseko chisanafike pansi, kudamveka kuphulika kumene kudagwedeza mawindo. Makina achiwiri adaima. M'chipindamo mudagwa bata loopsa, losokonezedwa ndi kulira kwa makina oyamba okha.

Ndi nthawi imeneyo pamene a Kapitawo adalowa akukankha njinga, buluku litanyowa mpaka m'chiuno. Adali atatopa kudikira bwato, nawolokera kumtunda pa miyala, njinga ili paphewa. Adaima pakhomo, nanunkhiza mpweya. Adayang'ana utsi. Adayang'ana gudumu lopanda unyolo.

Sadakalipe. Adatsamiritsa njinga kukhoma, natulutsa m'thumba la malaya mpango womangidwa mfundo. Ataumasula, mudali kagiya kamkuwa, kochepa ngati chivundikiro cha botolo.

"Aka ndi ka mu pampu ya oyilo," adatero ndi mawu otsika. "Dzulo mutaweruka ndinamva pampu ikugogoda. Nditatsegula ndinapeza mano awiri atabenthuka. Ndinakachotsa, n'kutsekanso chivundikiro kuti musalowe fumbi. Ndimati ndikasulitse kena kutawuni, ndibwezere lero, mawa alendo apeze zonse zili bwino. Popanda aka, oyilo safika ku mabelingi. Makina ayenda ouma."

Adapita pa makina, nagwadira pansi, nayang'ana shafiti nthawi yaitali. Idali itasintha mtundu, yakuda ndi yofiirira, yokandika mozama.

"Iyi ndiye yapita," adatero. "Sapanga m'dziko muno. Kuitanitsa ina, miyezi isanu ndi itatu ngati tili ndi mwayi."

Aliyense adadziwa tanthauzo lake. Majenereta apitiriza kumwa dizilo, ndipo mvula ina idzapeza mlatho uli chigwere.

Kawaya adakhala pansi pa simenti pomwe adaimapo. Misozi idatsika yokha, osalira mokweza.

7. Dambo lozimira moto

A Kapitawo adauza amisiri kuti atuluke akapume. Mudatsala atatu: iwo, a Injiniya ndi Kawaya.

"Loko wanga ali kuti?"

A Injiniya adayang'ana kudenga. "Ine ndinali kumsewu kulandira alendo. Pobwera ndinapeza gudumu lili lomasuka. Ndinayesa kuti mwabwera mwachotsa nokha."

Kawaya adadzutsa mutu nawayang'ana, koma bamboyo sadabweze maso. Mtsikanayo adaimirira, napita pa shelefu, nabweretsa loko wodulidwa uja m'manja awiri.

"Ndadula ndine, agogo. Ndinayang'ana paliponse, munalibe munthu. Ndimafuna mlatho."

A Kapitawo adalandira lokoyo, namutembenuza m'dzanja lawo la zala zitatu.

"Ndikudziwa chimene umafuna, mwana wanga. Pa maliro a amayi ako ndinalipo, ndinakumba nawo manda. Sindikufunsa amene anakutuma, chifukwa makutu anga ndi okalamba koma maso akuona. Koma wotumidwa ali ndi manja ake. Unafuna kufupikitsa njira ndi tsiku limodzi, waitalikitsa ndi chaka. Madzi akatayika saoleka.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga. Ndinalemba kuti ntchito sinathe, osalemba kuti ntchito yanji. Ndinachoka osauza munthu, poganiza kuti loko wanga andilankhulira monga wachitira zaka zonsezi. Ukalamba umabwera ndi kudzikhulupirira.

"Tsopano tamvera. Nkhani iyi ifufuzidwa. Wophunzira ntchito wodula loko wa mnzake amachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo dzina lake limatumizidwa kulikonse kumene kuli makina. Sudzagwiranso sipanala moyo wako wonse. Iwe uli ndi zaka makumi anayi za ntchito kutsogolo. Ine ndatsala ndi miyezi itatu. Ndidzanena kuti ndinachotsa kagiya n'kuiwala kuika loko."

"Ayi, agogo! Simunaiwalepo chiyambire. Adzakuchotsani ngati wosasamala. Amisiri onse anamuona loko wanu!"

"Amisiriwo ndi ana anga, ndilankhula nawo. Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Dziko lino lidzafuna manja odziwa makina awa ine nditapita, ndipo manja amene apsa kamodzi ndiwo amasamala moto." Adaika loko m'thumba namanga batani. "Si choncho, bwana?"

"Ngati mwaganiza choncho, a Kapitawo," adayankha a Injiniya mofulumira, "ine sindingatsutse munthu wamkulu."

Asanamalize, mlonda adalowa akuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Bwana, alendo aja abwerera! Akuti ali m'njira anaimbiridwa kuti magetsi a makina achiwiri asowa pa nthambo."

Mayi wamkulu uja adalowa yekha, anzake atatsala pakhomo. Adayenda pang'onopang'ono mpaka pa makina, nayang'ana shafiti yopsayo. Adavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Nkhope yake idaoneka yokalamba kuposa pamene adafika koyamba.

A Kapitawo adapita patsogolo. "Mayi, ine ndine wotsogolera amisiri pano. Cholakwa chonse..."

"Dikirani, bambo, ndikumvani pambuyo," adatero mayiwo modekha. Adatembenukira kwa Kawaya. "Mwana wanga, madzi aja unatsegula ndi iwe, chifukwa ndinakupempha ndine. Ndiye ndiyamba ndi iwe. Usayang'ane abwana ako, usayang'ane agogowa. Yang'ana ine. M'mawa wa lero, pa gudumu ili panali loko, kapena panalibe?"

A Kapitawo adapukusa mutu pang'ono, momupempha Kawaya kuti asaulule. Kawaya adapukuta misozi ndi mkono wa ovolosi, naimirira chilili pamaso pa mayiwo kuti anene zoona.